Ndani Amathira Mchere M'nyumba Muno

Joni, 11 Febuluwale 2024

Okondedwa Amayi,

Ndakulonjerani m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Bangula kumeneko? Mwendo uja ukukuvutanibe? Ine ndili bwino. Bambo a Priska nawonso aliko, kungoti masiku ano akudandaula msana ndi pamwamba pa mimba, ndipo kudya akungolawa. Akuti ndi makwerero, poti ntchito yawo yopenta nyumba ndi yokhalira m'mwamba tsiku lonse.

Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa mukamalankhulira pa foni ya a Symon, anthu onse a pagolosale amatchera khutu. A Lorenso, amene amanyamula katundu wa anthu akuno kupita naye ku Nsanje, avomera kumakupatsirani pamanja. Muziwerenga nokha, ngakhale pang'onopang'ono. Musapatse wina.

M'chikwamamo muli bulangete lanu, mafuta ophikira, sopo ndi nsapato za Priska. Ndalama zili m'nsapatomo, mugule mapira asanakwerenso mtengo. Madzi akachepa pa Mtayamoyo muwoloke, mukamuone mwanayo kwa apongozi ku Makhanga. Mumuveke nokha nsapatozo, mundiuze ngati zamukwana. Ndinayeza ndi dzanja langa m'sitolo, koma phazi lomwe ndikulikumbukira ndi la chaka chatha.

Ine ndapeza maganyu ochapa ndi kusita kwa amwenye ena. Dzina langa linawakanika, amangonditchula kuti Malawi. Ndimangogwedeza mutu.

Tikukhala m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya eni ake. Pogona pomwepo, pophikira pomwepo. Amayi, zija munandilangiza ndi anamkungwi, kuno zina n'zovuta kusunga. Pakhomo palibe ngakhale mwana woti n'kumutuma. Koma zimenezo ndidzakuuzani tsiku lina.

Ndine mwana wanu,
Filomena


Joni, 7 Epulo 2024

Okondedwa Amayi,

Moni wambiri. Ndamva kwa a Lorenso kuti nsapato zinamuthina Priska. Musataye, mupatse mwana wa mnzanu wina.

Kuno sizili bwino. Bambo a Priska maso awo asanduka achikasu ngati dzira, thupi likuwayabwa mpaka kudzikanda mabala, ndipo lamba aboolanso pena. Kuntchito asiya. Mwezi uno ndatumiza sopo yekha, mundikhululukire.

Lamlungu kunabwera alamu anga a Kalisto, akulu awo aja amene ali kuno ku Joni. Anawayang'ana ang'ono awo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapoto anga.

“Mlamu,” anatero, “m'nyumba muno mulibe mwana. Nanga masiku ena aja, mchere amathira ndani?”

Bambo a Priska anayesa kuseka. “Achimwene, mwabwera kudzazonda wodwala kapena kudzafunsa mapoto milandu?”

“Iwe Sebastiano khala chete. Bambo athu anayamba chonchi. Ili ndi tsempho, ndikuliona ndi maso angawa.”

Amayi, ndikulembereni zoona. Miyezi yoyamba ndinkasunga mwambo. Ndikakhala kumwezi ndinkaphika ndiwo zopanda mchere n'kuwaikira mcherewo pambale kuti athire okha. Iwo ankandiseka. “Filo, mchere wapamwamba sulowa m'nsomba. Ukuganiza kuti m'malesitilanti monsemu amayamba aitana mwana?” Mu Disembala anabwera ndi anzawo awiri akuntchito, onse akwathu. Ndinaona kuti ndikaika kambale ka mchere patsogolo pa alendo, amuna achilendowo adziwa za m'thupi mwanga. Manyazi anandigwira. Ndinathira ndekha. Nditaona kuti palibe chachitika, mwezi winawo ndinathiranso.

Msana anayamba kudandaula mu Januwale.

Kwa a Kalisto sindinavomere ndipo sindinakane. Koma chete wanga anamumva. Musauze munthu, ngakhale amalume. Mundipempherere.

Filomena


Joni, 19 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli moyo. A Lorenso andiuza zonse: kuti munawoloka ndi bwato mpaka ku Makhanga, anakukhazikani pansi pa mtengo wa mango, ndipo Priska sanakuonetseni. Mwayenda ndi mwendo wodwala kukalandira manyazi a ine. Pepani, Amayi. Uthenga wa apongozi nanenso wandipeza. Akuti mkazi wodula mwamuna wake sangalere mwana wa m'banja lawo, chuma anapereka, mwana ndi wawo. Akuti bambo a Priska akapanda kuchira, ndidzabwerere kwathu ndekha monga ndinabwerera.

A Kalisto anaitanitsa mankhwala a tsempho kumudzi. Bambo a Priska anamwa onse, osasintha. Tsiku lina anakomoka pakhomo, eni nyumba ndiwo anatitengera ku chipatala chachikulu cha boma. Atawaunika anapeza chotupa pa kapamba. Akuti ndi khansa. Chotupacho chatseka njira ya ndulu, n'chifukwa chake maso ali achikasu. Awaikira kapaipi m'kati kuti ndulu izidutsa, ndipo kuyabwa kwachepa.

Izi ndazimva kudzera mwa Mayi Teresa a ku Nchalo, amene timapemphera nawo. Akhala kuno kalekale, Chizungu amachimva bwino. Ine madokotala akamalankhula ndimangoona milomo ikuyenda.

A Kalisto akuti khansa ndi dzina lomwe azungu amapereka pa chinthu chomwe sakuchidziwa. Aletsa kuti ang'ono awo asadyenso za m'manja mwanga, amawagulira za pamsewu. Ine ndimaphikabe phala m'mawa uliwonse, n'kulinyamula m'kontena mpaka kuchipatala. Ndikapeza alamu afika kale, ndimakhala nalo pabenchi panja mpaka kuzizira. Dzulo Mayi Teresa anandilanda n'kumwa okha, anthu akuona.

“Ndife tiyambe kufa,” anatero akunyambita supuni. “Koma shuga wachepa, mwanawe.”

Ndinaseka pang'ono, kenako ndinalira.

Musapitenso ku Makhanga panopa. Mukamva kuti wina akupita kumsika wakumeneko, angomuona Priska chapatali, andiuze ngati wanenepa.

Filomena


Joni, 23 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Kuno kukuzizira koti kwathu kotentha kuja simungakhulupirire. Madzi a m'ndowa amaluma zala. Bambo a Priska anatuluka, tsopano timangopita kukalandira mankhwala a m'diripi. Akabwerako amasanza ndi kufooka.

Lachitatu anatiitana dokotala wina wachizimayi, ine ndi iwo, a Kalisto ndi Mayi Teresa. Sanawapime n'komwe. Anangofunsa za akumtundu. Bambo anu alipo? Anamwalira ndi chiyani? Bambo a Priska anafotokoza kuti bambo awo anamwalira iwo ali Sitandade 3, ataonda, maso achikasu, akudandaula msana. Azakhali awo a ku Chiromo chimodzimodzi. Dokotalayo anasiya kulemba n'kuwayang'ana.

Ndikuuzeni monga Mayi Teresa anatimasulira, mwina ndiphonya pena. Akuti thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, amati maselo. Kachigawo kalikonse kali ndi malangizo m'kati mwake, ochokera kwa bambo ndi kwa mayi. Ena mwa malangizowo ndi okonza pamene pawonongeka, ena ndi ouza kachigawoko kuti wakalamba kapena wawonongeka, ifa tsopano, upereke malo. Akuti tonsefe tili moyo chifukwa tizigawo tathu timavomera kufa pa nthawi yake. Koma m'kapamba mwa bambo a Priska malangizo amenewo anathyoka. Tizigawo towonongeka tikukana kufa, tikungoberekana.

Bambo a Priska, ndi kufooka konse kuja, anati, “Mayi Teresa, auzeni adokotala kuti ndamva. Ndili ndi namasupuni m'mimba. Kwathu mu Shire timamudula lero, mawa watseka doko.”

Mayi Teresa anavutika kumufotokoza namasupuni m'Chizungu, mpaka anachita kumuonetsa pa foni. Dokotalayo anavomera ndi mutu. Anati mankhwala a m'diripi ntchito yake ndi kukakamiza tizigawoto kufa, koma ta khansa ya kapamba timauma khosi kwambiri, n'chifukwa chake sangatilonjeze. Opaleshoni sizitheka, zafika kale kuchiwindi. Anatinso kwa anthu ambiri malangizowo amathyoka okha munthu akukula, koma m'mabanja ena munthu amabadwa limodzi litathyoka kale. Anapempha magazi kuti akaone.

A Kalisto anaimirira. “Ndiye akuti mtundu wathu ndi wovunda? Wolakwa wakhala apayu akumusiya, akukanyoza mafupa a bambo anga?” Anatuluka n'kumenyetsa chitseko.

Dokotala anandifunsa ngati ndili ndi funso. Amayi, funso linali pakhosi penipeni. Ndinapukusa mutu.

Filomena


Joni, 4 Ogasiti 2024

Okondedwa Amayi,

Ndakulonjerani. Zikomo chifukwa cha uthenga woti Priska anamuona pamsika atanyamula nzimbe. Ndakhala ndikumuona choncho m'maso mwanga sabata yonse.

Za magazi zatuluka. Bambo a Priska anabadwa nalo langizo lothyokalo, ndipo dokotala akuti poona za bambo awo ndi azakhali, likuoneka kuti linadzera kuchimuna. A Kalisto sanabwere.

Tikutuluka, ndinawakoka chitenje Mayi Teresa n'kuwanong'oneza funso langa lija, la mchere. Anati, “Iii, mwanawe, zimenezo ndinene m'Chizungu?” Koma anabwerera n'kunena, ine nditabisa nkhope. Dokotala sanaseke. Anafunsa bwinobwino za mwambowo, kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane. Anati mchere ukachuluka umakweza magazi, zimenezo n'zoona, koma dzanja lothira silidwalitsa munthu. Anati chotupa chotere chimayamba mwakachetechete, chimatenga zaka zambiri chisanamveke. Cha amuna anga chinayamba mwina ndisanawadziwe n'komwe.

Amayi, ndinasangalala. Amuna anga atakhala pambali panga mafupa okhaokha, ine mtima unapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Manyazi a chimwemwe chimenecho aposa oyamba aja.

Sichinakhalitse. Dokotala anafunsa ngati tili ndi mwana. Akuti Priska mwina analandira langizolo, mwina ayi, mbali zonse n'zofanana. A Kalisto chimodzimodzi. Akuti ngakhale wolandira, ambiri amakalamba osadwala, poti pamafunika kuti malangizo enanso athyoke. Priska akadzakula adzayezetse, ndipo fodya asadzamuyandikire. Ndiye chomwe chandiyeretsa ine ndi chomwe chamugwira mwana wanga.

Titafika kunyumba bambo a Priska anandiuza zomwe sanandiuzepo. Akuti bambo awo atamwalira, abale anawakhazika amayi awo pabwalo, nkhani yake yomweyi ya tsempho. Anawafunsa kuyambira m'mawa, dzuwa lija la ku Makhanga, opanda madzi akumwa. Pomaliza anavomera kuti anathira mchere, n'kulipa mbuzi, kuti asawalande ana. Bambo a Priska anaona zonse atabisala kuseri kwa nkhokwe.

“Mpaka lero amayi amakhulupirira kuti anapha bambo,” anatero. “Si iwe amene akukuda, Filo. Alembere. Ine cholembera chikundigwa.”

Ndinati munthu salembera apongozi ake. Anati, “Munthu sathiranso mchere, koma iwe unathira.” Kudwala konseku, kamwa lawo silinadwale.

Kalata inayo ili m'katimu. A Lorenso akaipereke okha.

Filomena


Joni, 4 Ogasiti 2024

Kwa Apongozi anga, agogo a Priska,

Ndagwada pansi polemba kalatayi. Mundikhululukire kuti ndalankhula nanu mwachindunji chonchi, ndatumidwa ndi mwana wanu. Ali pambali panga, akumva zomwe ndikulemba. Akuti ndikulonjereni, ndiponso akuti alakalaka nsomba za mphende za kwanu.

Zomwe munamva n'zoona. Mchere ndinathira ndili kumwezi. Sindikubisa.

Koma madokotala ayeza magazi awo ndipo apeza kuti matendawa anabadwa ndi mbewu yake. Ndi khansa ya kapamba. M'thupi muli tizigawo toyenera kufa tikawonongeka, monga timazulira thonje tikatha kukolola kuti lisasunge mbozi. Ta mwana wanu tikukana kufa. Akuti mbewuyi ikuoneka kuti inadzera kwa bambo awo, ndipo zizindikiro za bambo awo ndi za azakhali a ku Chiromo ndi zomwezi. Sikulakwa kwa malemuwo, nawonso anangolandira. Azakhali aja anali akazi, ankadziphikira okha. Anawathirira mchere ndani?

Mwana wanu wandiuza za tsiku lija la pabwalo. Akuti anali kuseri kwa nkhokwe, ndipo akuti ndikuuzeni mawu awa: “Mama, simunaphe baba. Mbuzi ija inapita ulele.”

Ine sindine wophunzira, sukulu ndinalekera Sitandade 7. Sindikufuna kutsutsa akuluakulu. Koma ngati sindinali ine, simunalinso inu.

Sindikupempha kuti mundikonde. Ndikupempha Priska. Pali zina zokhudza thanzi lake zomwe adzafunike kudziwa akadzakula, ndipo amene anazimva kwa dokotala ndine. Musamulere akudziwa kuti mayi ake anapha bambo ake. Inu mukudziwa kulemera kwake.

Ndine mpongozi wanu,
Filomena


Joni, 15 Seputembala 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Mwamva kale pa foni ya a Symon, ndiye sindibwereza zambiri. Bambo a Priska anatisiya Lachinayi m'mawa, kunyumba, mutu uli pamiyendo panga. A bungwe la maliro la anthu akwathu athandiza za galimoto. Kalatayi ikutsogola ndi a Lorenso, ife tinyamuka mapepala akatuluka.

Pali zomwe sindikanatha kunena pa foni. Kalata ija itapita, ku Makhanga kunangoti zii. Ndinati basi, ndawonjezera mwano pa mlandu. Kenako kumayambiriro kwa mwezi uno a Lorenso anafika ndi kamtolo komanga m'chitenje chakale. Anapeza a Kalisto ali m'nyumba, atabwera ndi tchipisi chomwe ang'ono awo sankathanso kudya.

“Ine ndanyamulapo zambiri,” anatero a Lorenso, “mafiriji, njinga, ngakhale matayala. Koma kuchotsa mchere ku Nsanje kubwera nawo ku Joni, apaboda anandiyesa wamisala.”

Ndinamasula. Munali mphende zouma zinayi, ndi mchere womanga m'kapepala ka pulasitiki.

A Kalisto anafunsa kuti amayi anena chiyani. A Lorenso anati kalata anawawerengera okha pakhonde, poti maso awo anafooka. Akuti atafika pa mawu a mbuzi aja, apongozi anawauza kuti abwerezenso. Kenako analowa m'nyumba, osatuluka mpaka iwo anachoka. Ulendo wotsatira ndi pomwe anawaitana n'kuwapatsa kamtoloko. Uthenga wake unali wakuti: “Mukamuuze mkazi wa Sebastiano aphike yekha, athire yekha, tsiku lililonse lomwe angafune.”

Amayi, tsiku limenelo ndinali kumwezi. Ndinaviika nsomba, ndinadula tomato. Pofika pothira, dzanja linaima lokha m'mwamba. Alamu anali kundiyang'ana. Bambo a Priska analankhula ali chigonere, mawu atatsala pang'ono: “Thira, Filo. Usaumire, si wogula.”

Ndinathira. Nsombayo sanathe kudya, anangomwa msuzi pasupuni. Anati wakwana. Ndinapakula mbale ina n'kuika patsogolo pa a Kalisto. Anakhala nayo nthawi yaitali. Kenako anasamba m'manja. Sanandipepese, ndipo kuyezetsa akukanabe, koma mbale inabwerera yopanda kanthu.

Apongozi atumizanso mawu. Akuti inu mupite ku Makhanga msanga, tisanafike, mukagone kumeneko. Akuti galimoto ikamadzafika, Priska adzakhale ataima pakati pa agogo ake awiri, ndipo maliro akatha mwana apita komwe kuli mayi ake.

Za magazi zija musamuuze kanthu. Ndidzamuuza ndekha akadzakula, tsiku lomwelo lomwe ndidzamuuze za mchere.

Ndamugulira nsapato zina. Ulendo uno ndatenga zazikulu.

Ndine mwana wanu,
Filomena